MGB Ikamaphulika: Kusaka Gwero la Phokoso Pakhomo

Galimoto ya MGB ikamatsika chitunda, woyendetsa atachotsa phazi pa akisileta, nthawi zina kumbuyo kwake kumayamba kuthetheka ngati mbuliwuli m'chiwaya. Zikanyanya, kuthethekako kumasanduka kuphulika kumodzi kwamphamvu, phuu! mpaka oyenda pansi kutembenuka. Alipo eni magalimoto amene phokosoli limawasangalatsa, ati limasonyeza kuti galimotoyo ndi yaliwiro. Koma kuphulika kwamphamvu kumang'amba sailensa, ndipo kukachitikira kutsogolo, pakamwa pa kabureta, lawi limatulukira pamalo pamene pali petulo.

MGB ndi galimoto yaing'ono, yokwera anthu awiri, imene inkapangidwa ku Abingdon, kufupi ndi mzinda wa Oxford ku England, kuyambira mu 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu Okutobala 1980. Anapanga zoposa theka la miliyoni, ndipo zambiri zinawoloka nyanja kupita ku America. Mpaka lero zikadali mbwee m'misewu, chifukwa zipangizo zake sizisowa. Kampani ya British Motor Heritage, imene ili ku Witney, imapanga ngakhale thupi lonse latsopano la galimotoyi, ntchito imene inayamba mu 1988. Injini yake ndi ya masilinda anayi, ya 1798 cc, ya mtundu wa B-series, womwe unalinso m'magalimoto apabanja a Morris Oxford ndi Austin Cambridge. Mulibe kompyuta. Munthu amene ali ndi masipanala a mainchi, buku la galimotoyo ndi Loweruka lopanda zochita zina atha kupeza yekha chimene chikuphulitsa, monga mmene mamembala a MG Car Club, kalabu imene inayamba mu 1930, akhala akuchitira m'magalaja a kunyumba kwawo.

Ntchitoyi imayamba munthu asanagwire sipanala. Ayenera kumvetsera kaye kuti phokosolo likuchokera kuti, ndiponso likumveka nthawi iti.

Petulo wosakanikirana ndi mpweya amayenera kupsa m'kati mwa silinda, mavalavu onse awiri atatsekeka. Valavu yolowetsa imayang'ana ku kabureta, yotulutsa imayang'ana ku ekizozi. Kuphulika kwa ku kabureta kumakonda kubwera munthu akaponda moto, makamaka injini isanatenthe. Kwa ku ekizozi kumakonda kubwera akachotsa phazi galimoto ikuyenda ili m'giya. Ambiri akamva kuphulika amafulumira kunena kuti petulo wachuluka, chonsecho nthawi zambiri wachepa. Petulo akachepa mu mpweya, msakanizowo umapsa mochedwa, moti valavu yolowetsa imatha kutseguka moto usanazime, n'kuyatsa petulo amene akudikira m'manifodi. Apo ayi msakanizowo umakaniratu kuyaka, pisitoni n'kuukankhira mu ekizozi yotentha. Ukaunjikana m'menemo, lawi lochokera ku silinda ina limauyatsa wonse nthawi imodzi.

Munthu akatsegula boneti ya MGB, maso amagwera pa makabureta awiri a SU, a zipewa zonyezimira za aluminiyamu, okhala ndi timanati tosavuta kufikira. Dzanja limayabwa, ndipo ambiri amasokerera pomwepa. Amakaniko akale a ku Britain amakonda kunena kuti mavuto ambiri a kabureta amakhala a magetsi, ndipo sanama. Kabureta ya SU ikatcheredwa bwino imatha zaka osasuntha yokha, pomwe mapointi a mu distributor amadyeka ulendo uliwonse. Wopotokola kabureta vuto lili ku mapulagi amatsala ndi mavuto awiri. N'chifukwa chake odziwa amayambira ku mavalavu, n'kupita ku moto wa mapulagi, kenako n'kusaka pamene mpweya ukulowera mozemba. Kabureta amaigwira pomaliza.

Ngati kuphulikako kwayamba mwini wake atangosintha mapulagi, asapite patali: mwina wasokoneza zingwe. Injiniyi imayatsa masilinda motsatana 1-3-4-2, silinda yoyamba ndi imene ili kufupi ndi radiyeta, ndipo rota wa mu distributor amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Zingwe ziwiri zikasinthana malo, moto umagwa valavu ili yotseguka. Kukonza kwake n'kwa mphindi ziwiri.

Mavalavu nawo satenga nthawi. Injini itazizira, amachotsa chivundikiro cha pamwamba n'kuyeza mpata wa pakati pa valavu ndi kachitsulo koikankha, pogwiritsa ntchito timalata topyapyala toyezera. Pa injini zoyambirira mpatawu ndi 0.015 ya inchi, pafupifupi mamilimita 0.38. Mavalavu alipo 8, ndipo kayezedwe kake sikavuta kukumbukira: ya nambala 8 ikatseguka kotheratu amayeza ya nambala 1, ya 7 ikatseguka amayeza ya 2, manambala awiriwo nthawi zonse akuphatikizana kukhala 9. Mpata ukachepa, valavu sitsekeka bwino injini ikatentha, ndiye moto umadutsa. Choopsa ndi pamene mpata wa mavalavu otulutsa ukungotsekekanso miyezi ingapo iliyonse. Injinizi zinapangidwa m'nthawi ya petulo wothira mtovu, amene ankateteza pokhalira valavu, ndipo ku Britain petulo ameneyu anachoka m'malo omwetsera mafuta mu 2000. Popanda mtovuwo valavu imatha kumira pang'onopang'ono m'chitsulo cha mutu wa injini, makamaka galimoto ikamathamangitsidwa maulendo ataliatali. Geji yoyezera compression imaulula silinda yofooka, ndipo masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, wokayikiridwa woyamba ndi gasiketi ya mutu.

Tsopano pakubwera distributor ya Lucas, ya mtundu wa 25D4 pa magalimoto akale ndi 45D4 pa otsirizira. Eni magalimoto a ku Britain amaseka kampani ya ku Birmingham imeneyi poitcha Kalonga wa Mdima, ngakhale nthabwalayo imaiwala kuti zipangizo zambiri zimene akuzidandaulazo zagwira ntchito zaka 50. M'kati mwa distributor muli mapointi, timilomo tiwiri tachitsulo timene timatseguka ndi kutsekeka kuti koyilo itulutse moto. Mpata wake uyenera kukhala pakati pa 0.014 ndi 0.016 ya inchi. Kachidendene kamene kamakhula pa shafiti kamaperepeseka, mpata n'kumachepa, moto n'kumachedwa. Moto ukachedwa, petulo amakhala akupsabe pamene valavu yotulutsa ikutseguka. Kagirisi pang'ono pa shafitiyo kamachedwetsa kudyekako, koma ambiri amaiwala kupaka.

Pambali pa mapointi pali kondensa, kachitini kakang'ono kotsika mtengo kamene kamazunza anthu kuposa kukula kwake. Ikayamba kufa imadikira kaye injini itenthe. Galimoto imanyamuka bwinobwino, ikayenda kanthawi n'kuyamba kudukizadukiza ndi kuphulika, ndipo ikaima n'kuzizira imaliranso ngati palibe chachitika. Koyilo yotopa imachitanso chimodzimodzi. Ndipotu chipangizo chatsopano si umboni woti n'chabwino. Pamsika pakhala pakupezeka marota osapangidwa bwino, okhala ndi kamsomali kamene kamapatsa moto njira yothawira ku shafiti m'malo mopita ku mapulagi. Eni MGB ozolowera sataya rota ndi kondensa zakale zimene zinkagwira. Amazisunga m'galimoto momwemo.

Pali kawaya kena kamene ngakhale amakaniko amakadumpha. M'kati mwa distributor mbale imene mapointi akhalapo imasuntha pang'ono nthawi iliyonse woyendetsa akaponda kapena kuchotsa phazi, ndipo timawaya tiwiri tofewa timapindika nayo limodzi. Pakapita zaka, timaduka m'kati, kunja tikuoneka bwinobwino. Moto umazima kwa kanthawi kochepa zedi, koma pa kanthawi komweko pisitoni ikupitiriza kupopera petulo wosapsa mu ekizozi. Moto ukabwerera, chimene chimamveka ndi kuphulika kwakukulu kuja kong'amba sailensa. Pa magalimoto okhala ndi geji yamagetsi yowerenga kuzungulira kwa injini, muvi wake umathandiza kwambiri. Ukamagwa mwadzidzidzi kapena kunjenjemera injini ikadukiza, vuto lili pa waya, pa switchi ya kiyi, pa mapointi kapena pa kondensa. Ukamatsika pang'onopang'ono limodzi ndi injini, asake ku petulo, ku rota kapena ku zingwe za mapulagi.

Kachitini ka vacuum kamene kali pambali pa distributor amakayesa ndi pakamwa. Amayamwa kapaipi kake akuyang'ana mbale ija: iyenera kusuntha, ndipo akatseka kapaipiko ndi lilime iyenera kukhala pomwepo. Ikabwerera yokha, ndiye kuti kachikopa ka m'kati kabooka. Zingwe za mapulagi amaziona usiku, injini ikulira panja pamdima; zotha zimaonetsa timoto tabuluu tikudumphira pa chitsulo. Chivundikiro cha distributor amachiyang'ana m'kati ngati muli mng'alu kapena timizere takuda. Zonsezi zikakhala bwino m'pamene amatchera taimingi ndi nyali yake. Pa injini zoyambirira moto umagwa madigiri pafupifupi 10 pisitoni isanafike pamwamba, koma MGB inasinthidwa kangapo m'zaka 18 zimene inapangidwa, choncho nambala yoyenera ndi imene buku lalemba pa injini yeniyeniyo. Ena amachotsa mapointi n'kuika zamakono zosadyeka, zomwe n'zabwino, bola akumbukire kuti magalimoto opangidwa mpaka chakumapeto kwa 1967 anatuluka m'fakitale waya wa positive wa batire utamangidwa ku thupi la galimoto. Kulumikiza mosemphana kumaotcha chipangizocho nthawi yomweyo.

Moto ukakhala bwino koma kumbuyo kukuthethekabe munthu akachotsa phazi, kawirikawiri ekizozi ikuyamwa mpweya penapake. Zimadabwitsa kuti paipi yotulutsa utsi ingayamwe, koma utsi umatuluka modukizadukiza, ndipo pakati pa kutuluka kumeneko kabowo kakang'ono kamakokera mpweya m'kati. Mpweyawo ukakumana ndi petulo wotsala, wotentha kale, amayaka. Malo okayikitsa ndi polumikizira manifodi ndi mutu wa injini, komanso pamene mapaipi otsika pansi amangidwa. Mwaye wakuda pa mfundo ndiye chizindikiro. Injini ikulira pang'onopang'ono, isanatenthe, mnzake amatseka kumapeto kwa ekizozi ndi chisanza kwa masekondi ochepa, ndipo pobooka pamayamba kulira mluzu. Izi amachitira panja. Utsi wa galimoto m'galaja yotseka umapha, ndipo mpweya wakuphawo sununkha.

Pa injini imeneyi manifodi yolowetsa ndi yotulutsa zili mbali imodzi, zikugawana gasiketi imodzi, ndipo manati ena amapanikiza zonse ziwiri ndi wochala wokhuthala. Nati imodzi ikamasuka, mpweya ungalowe mbali zonse. Kamangidwe ka mutu wa injiniyi kamathandizanso posaka: kabureta yakutsogolo imadyetsa masilinda 1 ndi 2, yakumbuyo 3 ndi 4. Munthu akamasula mapulagi onse anayi n'kuwandanda motsatana pa thabwa, nkhani imaoneka ndi maso. Pulagi yabwino imakhala yotuwa mofiirira. Awiri akutsogolo akakhala oyera mbee pomwe akumbuyo ali bwino, palibe chifukwa chogwirira kabureta yakumbuyo. Mpweya wozembawu umalowanso pa paipi ya servo ya mabuleki, pa magalimoto amene ali nayo, ndiponso pa kamtengo kachitsulo kamene kamatembenuza chitseko cha kabureta. Kamtengoka kakadyeka kamagwedera munthu akakagwedeza ndi zala. Ena amapopera mankhwala otsukira kabureta pa mfundo kuti amve ngati kulira kwa injini kusinthe, koma manifodi yotentha ili pansi pomwepo. Kapaipi ka labala, mbali ina pakhutu ina pa mfundo, kamapeza mluzu womwewo popanda kuika galimoto pangozi.

Magalimoto amene anapita ku America ali ndi nkhani yawoyawo. Kuyambira mu 1968 malamulo a kumeneko oletsa kuipitsa mpweya anachititsa kuti MGB ikhale ndi pampu yopopera mpweya mu ekizozi, kuti petulo wotsala azipsa. Pamenepa mawu aja oti petulo wachuluka amakhala oona. Woyendetsa akachotsa phazi mwadzidzidzi, msakanizo umalemera petulo kwa kanthawi, ndipo ukakumana ndi mpweya wa pampuyo umaphulika. Pofuna kupewa izi anaika gulp valve, imene imalowetsa mpweya m'manifodi pa nthawi yomweyo kuti usungunule msakanizowo. Valavu imeneyi ikafa, kapena kapaipi kake kakang'ambika, galimoto imaphulika pafupifupi posintha giya paliponse. Kuyambira mu 1975 magalimoto a ku America anali ndi kabureta imodzi ya Zenith-Stromberg m'malo mwa ma SU awiri, choncho malangizo a ku Britain sagwira onse kumeneko.

Akafika pa kabureta, choyamba n'chosafuna ndalama zambiri. M'kati mwa chipewa cha SU muli pisitoni imene imakwera mpweya ukachuluka, ikukoka singano yosongoka kuchoka mu jeti kuti petulo awonjezeke. Pamwamba pa chipewacho pali kachivundikiro, ndipo pansi pake pamakhala oilo wopepuka wa SAE 20. Ntchito ya oiloyu ndi kuchedwetsa pisitoni munthu akaponda moto, kuti petulo achuluke pang'ono pa nthawi imene injini ikumufuna. Oilo akauma, pisitoni imalumpha, mpweya umachuluka, injini n'kulavulira moto ku kabureta. Madontho ochepa amathetsa vuto limene wina akanagulira kabureta yatsopano. Atachotsa zosefera mpweya, injini itazima, amakweza pisitoniyo ndi chala n'kuisiya. Iyenera kutsika yokha mpaka kugunda pansi, kumveka kuti ke! Ikakakamira, mwina muli litsiro, singano yapindika kapena jeti sili pakati. Amatsuka ndi kansalu konyowetsa petulo basi, osati sandipepa, ndipo sasinthanitsa zipewa ziwirizo, chifukwa chilichonse anachipangira pisitoni yake.

Nthawi zina kabureta ilibe mlandu, petulo ndiye sakufika. Pampu ya MGB ndi yamagetsi, ili kumbuyo, ndipo munthu akatembenuza kiyi imamveka ikugogoda mofulumira, kenako n'kuleka makabureta akadzaza. Galimoto imene imayenda bwino m'tauni koma imalavula moto pokwera chitunda ili pa liwiro, iyenera kuti ikusowa petulo chifukwa cha dzimbiri la m'thanki, fyuluta yotsekeka kapena pampu yotopa. Petulo weniweniyo wasinthanso. Mu Seputembala 2021 malo omwetsera mafuta a ku England, Scotland ndi Wales anayamba kugulitsa E10 ngati petulo wamba, yemwe amakhala ndi ethanol wofika 10 peresenti, ndipo eni magalimoto akale analangizidwa kugula wa E5. Ethanol amadya mapaipi akale a labala, amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda, komanso amapepukitsako msakanizo. Ku Malawi nkhani imeneyi si yachilendo, popeza ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa wakhala akusakanizidwa ndi petulo kuyambira mu 1982. Aliyense wosunga galimoto yakale ya kabureta m'dzikomo amayenera kuyang'anira mapaipi ake mofananamo.

Kutchera kwenikweniko kumachitika injini itatentha. Amamasula kaye kachitsulo kolumikiza makabureta awiriwo kuti iliyonse iime payokha, n'kumvetsera ndi kapaipi ka labala kaja pakamwa pa iliyonse mpaka mluzu wake ufanane. Pa mtundu wa HS4, pansi pa kabureta pali nati ya mbali 6: kuitsitsa kumawonjezera petulo, kuikweza kumachepetsa, ndipo amaipotokola mbali imodzi yokha pa nthawi. Pambali pali kapini kokwezera pisitoni. Akakweza pisitoniyo pang'ono, osafika milimita imodzi, injini imayankha. Ikakwera mawu n'kukhala pomwepo, petulo wachuluka. Ikagwa mawu kapena kufuna kuzima, wachepa. Ikakwera pang'ono n'kubwerera, zili bwino. Amene sakhulupirira khutu lawo amagwiritsa ntchito Colortune, pulagi ya galasi yoonetsa mtundu wa lawi m'kati mwa silinda: lachikasu petulo akachuluka, labuluu akakwanira. Ngati mwini wake anaika zosefera mpweya zamakono kapena ekizozi yotakata, nati yokha singakwanitse. Pamafunika singano ina yopereka petulo wochulukirapo, ndipo kampani ya Burlen ya ku Salisbury, imene imapanga makabureta a SU masiku ano, imagulitsa singano zamitundumitundu. Zosefera zija azibwezeretse asanapite kukayesa pamsewu, chifukwa zimatchinganso lawi, ndipo chozimitsira moto chizikhala pafupi.

Ntchito ziwiri sizichitikira pakhomo. Kuika pokhalira mavalavu polimba pa mutu wa injini ndi kukonza mabowo odyeka a kamtengo ka kabureta zimafuna makina a akatswiri, ngakhale kumasula ndi kubwezeretsa zipangizozo mwini wake atha kuchita yekha. Ndipo zonse zikakonzedwa, MGB zambiri, makamaka za ekizozi yotakata, zimathethekabe pang'ono potsika chitunda zili m'giya yachitatu. Kumeneko si kuwonongeka. Amene sikumusangalatsa amatsitsa nati ya kabureta iliyonse mbali imodzi, n'kulolera kuti galimoto izimwako petulo wochulukirapo pang'ono.